Za Mankhwala a Nthambi ndi Mwendo wa a Lazaro

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA ZAUMOYO YA KAPHANDE, NSARU

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi 2025
Malo: Pa shedi ya sikelo ya ana

Opezekapo: A Adamson Chakufwa (wapampando), mayi Ezeliya Mwale (wachiwiri), a Alufeyo Gondwa (sing'anga wa zitsamba), a Goodson Kamanga (mlangizi wa zaumoyo), mayi Benedeta Lazaro (woimira matenanti), Zione Kachingwe (mlembi).
Mlendo: Dokotala Talandira Msiska, wofufuza za mankhwala, wochokera ku Lilongwe.
Osapezeka: A Jonathan Mbewe (ali ku okushoni ya fodya).

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Mayi Mwale anapemphera.

2. Pempho la mlendo
Dokotala Msiska anati gulu lawo likupanga mankhwala otchedwa mapeputayidi a nthambi, olimbana ndi tizilombo ta m'zilonda tomwe sitikumvanso mankhwala a masiku onse. Anati peputayidi ili ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, koma iwo amaipatsa nthambi kuti isaduke msanga m'thupi, ndiponso igwire kachilombo malo ambiri n'kukaboola. Anapempha chilolezo chopukuta ndi thonje zilonda zosapola, kwa ofuna okha, kuti akayese mankhwalawo pa tizilomboto ku labotale.

3. Zokambirana
(a) A Gondwa anafunsa dzina la mtengowo. Mlendo anati si mtengo. A Gondwa anati chinthu cha nthambi chopanda tsinde sanachionepo, ndipo ngati ndi muwawani wa kuseri kwa nyumba yawo, anthu a m'tauni anene poyera.

(b) Mayi Mwale anapempha kuti mbande zikabwera ayambe kulandira ndi a komiti. Atauzidwa kuti mbande kulibe, anati: "Nanga tikuvomereza chiyani pano?"

(c) Wapampando anati iwo amva bwinobwino: mikandayo idzamangidwa pa chilonda. A Kamanga anati ayi, kunali kufanizira chabe. Mlendo anajambula pansi ndi kamtengo. Ena anati ndi phazi la nkhuku, ena chinangwa. Sizinathandize.

(d) A Gondwa anati ngati mlendo atenga tizilombo n'kupita nato ku Lilongwe, ndiye kuti chilonda chapola. Mlendo anati thonje limatengako pang'ono chabe. A Gondwa anati ndiye abwere ndi thonje lambiri.

4. Funso la mayi Lazaro
Mayi Lazaro, omwe anali asanayankhulepo, anafotokoza kuti amuna awo anadzitema mwendo ndi chikwanje podula mitengo ya chigafa nthawi ya dzinja. Mankhwala asinthidwa kangapo, chilonda chikungokula, ndipo mwini esiteti wati akapanda kudzuka atuluke m'nyumba. Kwawo ndi ku Phalombe, kuno alibe mbale. Anafunsa kuti: "Kodi abambo akunyumba achira nawo mankhwala anuwa?"

Mlendo anati ayi. Mankhwalawo sanayesedwepo pa munthu, padzapita zaka, ndipo mwina osatheka n'komwe. Chomwe angathe n'kuuza achipatala mtundu wa kachilombo kali m'chilondacho.

Wapampando anati ndiye nkhaniyi iimitsidwe. Mayi Lazaro anakana. Anati: "Za nthambizo ine sindinamve kanthu. Chimene ndamva n'chakuti simunandinamize. Mubwere ndi thonje lanulo, muyambire kwathu."

5. Chigamulo
Onse anavomereza pempho la mlendo. A Gondwa anapempha kuti zilembedwe zoti avomera chifukwa cha mayi Lazaro, koma za mtengo sanakhutire.

6. Zina ndi zina
A Kamanga anati mawa atenga a Lazaro pa njinga yamoto kupita nawo ku chipatala cha Kabudula. Wapampando anafunsa amene angaperekeze mayi Lazaro kukaonana ndi mwini esiteti za nyumba. Onse anaimika manja.

Msonkhano wotsatira: Lachitatu, 11 Juni 2025, malo omwewo.
Msonkhano unatsekedwa 4:20 madzulo.

A. Chakufwa, Wapampando ......................
Z. Kachingwe, Mlembi ......................