Mbira Nambala 14

Lolemba, 12 Juni 1978

Chisanu cha chaka chino n'chamwano. Ndafika kuchipatala zala zili gwa! Mbira zonse 24 zili moyo. Ndasesa makola, ndaika udzu ndi gaga. Kenako a dokotala Kapalamula azidonthezera m'mphuno, ine ndikugwira. Zina zalandira kachilombo ka chifuwa chija chikubanikitsa makanda kuwodi, zina madzi amchere chabe. Ziti ndi ziti, akudziwa okha ndi buku lawo. Akuti ndikadziwa ndiyamba kukondera. Amandidziwa bwino bambo amenewa.

Amayi kunyumba: "Iwe Modesta, sukulu yonse ija, mapeto ake kusesera ndiwo?" Ndangoseka.

Lachitatu, 14 Juni

Nambala 14, kakang'ono kamawanga kaja, ndakapeza pakona kakunjenjemera, udzu osakhudza. Chisoni chandigwira. Lamulo ndi lakuti osazitulutsa m'khola, koma a dokotala anali kuwodi. Ndakalowetsa m'bulauzi, pachifuwa penipeni, mpaka kafunda n'kusiya kunjenjemera. Nditakabweza, kayamba kudya. Ndasamba m'manja ndi sopo, n'kupita kukayamwitsa Aroni wanga.

Lachinayi, 15 Juni

Masana onse pabwalo la sukulu, kuyeserera magule a pa 6 Julaye. A tcheya a amayi akuti wamwana abereke, palibe chowiringula. Fumbi koboo! Ana kumisana kutsokomola ngati akupikisana. Ndavina ngati chitsa.

Loweruka, 17 Juni

Aroni mamina. Thupi latentha.

Lamulungu, 18 Juni

Kutchalitchi sitinapite. Aroni akupuma mwabefu, nthiti kuchita kulowa mkati. Miyezi isanu yokha, Mulungu wanga.

Ndikumuyamwitsa m'mawa, zandibwerera m'mutu: Lachitatu lija ndinasamba m'manja mokha. Bere lomweli linakhudzana ndi mphuno ya kachinthu kaja. Ndamuchotsa pomwepo, iye kulira kosatuluka mawu. Ndine ndamupatsa. Ine mayi wake, ndi chisoni changa chopusacho. Ndipo ngati zalowa mumkakamu, ndizimuwonjezera tsiku ndi tsiku?

Amayi ndawauza kuti mawere auma. Andiyang'ana, kenako apita kukawiritsa madzi a shuga. Tikumumwetsa ndi supuni, ambiri akutayikira m'khosi.

Lolemba, 19 Juni

Tagonekedwa. Wodi yadzaza, ena ana awiri pabedi limodzi. Mayi wa pafupi nafe wachokera ku Ntchisi wapansi, mapazi ang'aluka.

Sisitere Rebeka afunsa, "Akuyamwa?" Ine, "Eya." Bodza lopanda manyazi, kwa munthu wovala mtanda! Ndikanati chiyani? Kuti ndinafungatira mbira ya matenda ngati khanda?

Mawere adzaza, akuwawa ngati zithupsa. Ndakadzikama kuseri kwa thanki ya madzi, mkaka n'kumalowa m'dothi, mwana ali ndi njala mkatimo. Ndalira mpaka kukhuta.

Makola asesa ena lero. Sindikufuna n'kuziona komwe mbirazo.

Lachiwiri, 20 Juni

M'mawa thewera louma. Liwombo lalowa. Amayi aligwira ndi chala, n'kunena chapansipansi, "Modesta, bulauzi yako yanyowa. Mawere ouma amatero?"

Ndapita kuchipinda cha mbira. A dokotala anali kuziyeza pasikelo. Ndagwada pakhomo pomwepo, ndaulula zonse, kuyambira Lachitatu. Ndati ntchito andichotse, palibe kanthu, koma andiuze mankhwala otsukira mkaka.

Avula magalasi. "Mwati nambala chani?"

"14."

Atsegula dirowa, atulutsa buku lija. Chala chikutsika pamzere pang'onopang'ono.

"Madzi amchere," atero. "Kanalibe kalikonse. Kanangozizidwa basi."

Ndakhala pansi pasimenti, thasa. Iwo akupitiriza, kuti chifuwachi chili mudzi uliwonse kuyambira ku Mponela mpaka kumapiri, mwana akanachitenga paliponse. Kuti ngakhale kakanakhala kodwala, mkaka suwonongeka chifukwa cha mbira. Kuti 14 aichotsa pa kafukufuku, ndipo za kuphwanya lamulo tikambirana bwino, ndisaganize kuti aiwala. Kenako aima.

"Dikirani. Mwanayo wayamwa liti komaliza?"

"Lamulungu m'mawa."

Buku lija phwa! patebulo. Sindinawamvepo akukalipa chiyambire ntchito. "Masiku awiri? Mayi inu! Nanga mwakhaliranji pamenepo? Thamangani!"

Ndathamanga, nsapato imodzi yatsala pakhonde. Kuwodi ndamulanda Aroni m'manja mwa amayi. Sisitere amupukuta mphuno, andionetsa kumukhazika chotsamira kuti asabanike. Ndamupatsa, wapotoza mutu. Ndamupatsanso, kamwa lili yasa, mphamvu palibe. Ndafinyira dontho pamlomo. Dontho lachiwiri. Sisitere ali pambali ndi kapaipi ka m'mphuno m'manja, akuti akalephera timudyetsera momwemo.

Dontho lachitatu wanyambita. Kenako wagwira.

Akuyamwa katatu, n'kusiya kuti apume, n'kugwiranso. Chifuwa chikulirabe, ndipo Sisitere akuti tisafulumire kusangalala. Ndikulemba ndi dzanja limodzi, bukuli lili pabondo la amayi. Aroni sanasiyebe.