Pepala Lomwe Sitinalembe pa Maliro a Achemwali

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Nanga amayi mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ndinamva kuti ndodo munawagulira ija akuikana, akuti ndi ya nkhalamba. Musawakakamize, mukuwadziwa eni ake.

Ine m'thupi ndili bwino, kuntchito ndikupitabe. Kochapira zovala kuja abweretsa makina atsopano ositira, ndiye manja apumako, koma kutentha kwake munthu umaweruka ngati wasamba ndi zovala zomwe. Mpopi wa m'nyumba ukudonthabe, mwini nyumba amangolonjeza. Zonsezi ndikungozungulira, kuopa kuyamba nkhani yomwe ndatengera cholembera.

Mwana wanga Katsabola anandilanda. Ino ndi sabata yachisanu ali m'manja mwa anthu ena. Pafoni paja ndinkakuuzani kuti ali kusukulu kapena kosewera, ndinkanama, mundikhululukire. Pakamwa pankandilemera.

Zinayamba chonchi. Anagwa pa katungwe kusukulu n'kuthyoka dzanja lamanzere. Kuchipatala anati fupalo likufunika opaleshoni, ndiye kholo lisaine. Ndinatenga cholembera. Namwino atayang'ana chikalata chake chobadwira anaona kuti dzina la mayi si langa, n'kundifunsa kuti ndine ndani kwa mwanayo. Ndinati ndine mayi ake, womubereka anali achemwali anga, anatisiya iye ali ndi chaka ndi theka. Anandipempha pepala losonyeza kuti mwanayo anaperekedwa kwa ine. Ndinaseka, achimwene, ndinasekadi, ndimayesa akucheza. Dzanja analikonza, madokotala anasainirana okha. Koma tsiku lotuluka ndinapeza mayi wa ku ofesi yoona za ana atakhala pambali pa bedi, kope lili pamiyendo.

Mukukumbukira mmene tinachitira titaika malemu. Munabwera kuno inu ndi amalume athu, tinakhala m'chipinda chija pamodzi ndi azimayi awiri a kumpingo. Amalume ananyamula mwana n'kumuika pamiyendo panga, nati kuyambira tsiku limenelo ndi mwana wanga woyamba. Nkhani inathera pomwepo. Mmodzi wa azimayi aja anatchulako zopita ku ofesi, inu munati mwana si njinga yoti tilemberane kalata. Sindikukuimbani mlandu, nanenso ndinagwedeza mutu kuvomera. Tinapangananso kuti mwanayo asauzidwe kanthu mpaka atakula. Zaka zisanu ndi chimodzi ndasunga pangano limenelo, ngakhale chithunzi cha malemu ndinachibisa pansi pa sutikesi.

Mayi wa kope uja si munthu woipa, ndisamunamizire. Maso ake ndi otopa, akuti ali ndi ana makumi anayi oti aziwayendera yekha. Anabwera kunyumba, anatsegula kabati, anagwira mabulangete, anaona pomwe mwana amagona. Anati nyumba ilibe vuto. Vuto ndi loti pa mapepala ine sindine kanthu, ndipo iye anaonapo kale ana otengedwa pa maliro n'kukasandutsidwa antchito, ena osaonekanso. Lamulo likuti afunefune kaye bambo ake. Munthu uja anathawa mimba ili ya miyezi isanu, amene ngakhale pa maliro sanaponde, akumulembera makalata aulemu, ine wochapa matewera ndikudikira pa benchi. Ndikaganiza zimenezi mutu umandiwira.

Pakadali pano mwana akusungidwa ndi banja lina lomwe limalera ana a ofesiyo. Ndi anthu achikulire, aukhondo, ana otere ali nawo atatu. Amandilola kumuona Lachinayi lililonse, ola limodzi, m'chipinda cha ku ofesi chokhala ndi zidole ndi wotchi yaikulu pakhoma. Mayi wa kope amakhala pakona n'kumalemba.

Ulendo woyamba ndinalimba mtima kuti ndisalire, kuopa kumuliza mwana. Nditaona tsitsi lake litapotana, ndinamukhazika pansi pakati pa miyendo yanga, n'kutulutsa chipeso ndi mafuta. Ola lonse linathera kumasula ndi kuluka. Iye ali pakamwa mbwembwembwe, kundionetsa pulasitala wake pomwe anzake analembapo maina. Ndinatuluka wokondwa kuti mwana wanga waoneka ngati wa munthu. Kenako mayi wa kope uja anandiwerengera zomwe zinalembedwa. Akuti sindinamukumbatire, sindinasewere naye, ndiponso ndinamukalipira kuti akhazike mutu. Ndinafunsa kuti kodi ife amayi athu anatikumbatirapo liti, nanga sankatikonda? Mayi uja anangoti iye amalemba zomwe waona.

Sabata yotsatira ndinangolowa n'kumukumbatira mwamphamvu kuti kope lione. Katsabola anandiyang'ana kumaso n'kundifunsa ngati ndikudwala. Tinaseka tonse awiri, ngakhale wa pakona uja anamwetulira. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndili ndi chiyembekezo, ndinachapa yunifolomu yake yomwe inali yochapa kale.

Zonsezi ndikanapirira. Chomwe chandiswa mtima ndi cha Lachinayi lapitali.

Ku ofesiko ali ndi kachitidwe kawo koti mwana aziuzidwa zoona za moyo wake. Anamukhazika pansi ine kulibe, n'kumuuza kuti mayi ake anamwalira, ine ndine mng'ono wawo. Nkhani yomwe tinkasungira tsiku labwino anaimva kwa munthu wachilendo, pakati pa zidole.

Atalowa sanandithamangire. Mwana uja tinamutcha Katsabola chifukwa cha pakamwa posatseka anakhala pa mpando phee, manja ali pamiyendo. Ndinatulutsa chipeso, anapukusa mutu. Patapita nthawi anandifunsa ngati mayi ake ankamudziwa. Ndinati ankamudziwa, ankamuimbira nyimbo ngakhale ali pa bedi la kuchipatala. Anafunsa ngati inuyo mumadziwa, ngati agogo ake amadziwa, ngati mayi wa nyumba yoyandikana nafe amadziwa. Ndinati onse. Anati ndiye kuti wosadziwa anali iye yekha.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, anandifunsa kuti tsopano azinditchula kuti chiyani. Ndinkafuna kunena kuti amayi, monga kale, koma ndinaopa kuti aona ngati ndikupitiriza bodza, komanso cholembera chinali chikuyenda pakona paja. Ndinati asankhe yekha. Anandipatsa dzanja lake labwino lija monga amachitira kwa aphunzitsi, n'kutuluka osanditchula chilichonse. Ndinakalirira m'chimbudzi cha ku ofesiko, nditatsegula mpopi kuti asandimve.

Nkhaniyi ikalowa kubwalo la ana pa 19 mwezi wamawa. Woweruza akagamula ngati mwana abwerere kwa ine, kapena akhalebe komwe ali mpaka bambo ake atapezeka. Andiuza kuti akamufunsanso mwini wake komwe akufuna kukhala. Mwezi wathawu funso limenelo silikanandiopsa ngakhale pang'ono. Lero ndikuliopa kuposa woweruzayo.

Pempho langa ndi limodzi. Mukhale pansi ndi amalume, mulembe zonse zomwe zinachitika tsiku lija: linali liti, analipo ndani, ndi mawu omwe amalume ananena pondipatsa mwana. Musakometse, musawonjezere. Mulembemonso kuti zomubisira tinapangana tonse ndipo tinkayesa tikumuteteza, mwina tsiku lina adzawerenga yekha n'kudziwa kuti silinali bodza langa ndekha. Musaine nonse awiri, mukadinditse kwa wodinda zikalata, ndipo kalatayo ifike kuno tsikulo lisanakwane. Mwa azimayi a kumpingo aja, mmodzi anasamuka, winayo wavomera kukaima nane. Amalume akayamba zoti mawu awo ndi okwanira, muwawerengere kalata ino kuyambira pamwamba.

Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa amalume ndi banja lawo, ndiponso kwa azakhali. Amayi muwapatse moni, ndipo muwauze nkhaniyi mmene ilili. Ndikudziwa mufuna kuwabisira chifukwa cha mtima wawo, koma musatero. Aimve kwa inu mwana wawo, asadzaimve kwa wodutsa.

Tsalani bwino. Ndakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja, kusowa cholemba pansipa. Ndilemba dzina lomwe mwakhala mukundiitana nalo zaka zonsezi. Woweruza sangandilande limeneli, koma mwini wake akadzandiletsa, ndidzasiya.

Ine mlongo wanu,
Amake Katsabola