Chitini cha Samna M'injini ya Nawara

Lamlungu, 3 Meyi 2009

Kutentha kuyambira m'mawa. Basi ya kuntchito yachedwa, fumbi la ku Amreya, kumene kuli fakitale yathu, mpaka m'mano.

Andiitanitsa abwana, a Fikri. Galimoto yathu ya Nawara ikutha. Yomaliza ituluka m'fakitale pa 24, padzakhala mwambo, matenti, mipando yobwereka, ndipo pakufunika kabuku ka mbiri yake. Masamba makumi awiri ndi anayi, zithunzi zambiri, mawu ochepa. Wolemba ndine, Ustaza, monga amatitchulira amayi ophunzira kuno. "Ustaza Tahani, si inu munaphunzira mbiri yakale ku yunivesite? Nayitu mbiri." Zaka zinayi ndikuloweza mafumu ndi manda awo, kuti lero ndilembe za kagalimoto kamene chitseko chake chimatsekeka ndi phewa. Chabwino. Za akufa ndinazizolowera.

Ndawauza Baba pa chakudya. Afunsa ngati fakitale nayo itsekedwa. Ndati sindikudziwa. Bodza. Baba anga, Usta Shehata, mmisiri wamkulu, zaka makumi atatu ndi chimodzi pamzere wa mainjini, lero akumvera kwa mwana wawo, pakati pa nyemba ndi tiyi.

Lolemba, 4 Meyi

Tsiku lonse m'chipinda cha mafayilo. Makoswe adya 1981 yonse. 1982 aisiya, kaya sinakome.

Mbiri yake nayi. 1974: galimoto ikubwera m'mabokosi kuchokera ku Ulaya, ife kumangomanga. Zitseko zinayi, kainjini kakang'ono, anthu asanu papepala, asanu ndi atatu pamsewu. 1986: nyali zozungulira zasanduka za ngodya zinayi, zikwangwani zati "Nawara Yatsopano". 1994: mabampala a pulasitiki, "Nawara Yatsopano" kachiwiri. 2001: wailesi ya kaseti, dziko lonse litataya kale makaseti. Ndiye ine ndikoke zimenezi mpaka zikwane masamba 24.

Chosintha chenicheni n'chimodzi, 1979. Galimotoyi anaipangira anthu ovala majekete. Kuno dzuwa likafika paliwombo petulo ankawira m'paipi, injini n'kuzima pakati pa msewu. Dalaivala aliyense ankayenda ndi kansanza ndi botolo la madzi. Kutsegula boneti, kunyowetsa pampu, kudikira, am'mbuyo akutukwana mpaka agogo ako. Zinatha pamene paipi inasunthidwa, ndipo pakati pa iyo ndi injini panaikidwa kachishango ka lata. Nkhaniyi ndinakula nayo. Baba anatenga chitini cha samna, mafuta ophikira a mkaka wa ng'ombe, kukhitchini kwa Mama, n'kuchidula, n'kukachikhoma pagalimoto ya kapitawo wawo. Mama anadandaula mpaka tsiku lomwalira, ati mafuta anali asanathe m'chitinimo.

Pulani yake ndaipeza, nambala 79/114. Pansi: "Wopanga, Injiniya Mamduh Serag." Chidindo, ndi siginecha yonga nyerere yogwera mu inki. Dzina la Baba palibe. Ndatembenuza ndi kuseri komwe, ngati chitsiru.

Chodabwitsa n'chiyani? Usta sasaina pulani. Amasaina ndi wa digiri ndi khadi la bungwe la mainjiniya, ndipo mpaka lero zili choncho. Komabe ndakhala pansi pafumbi pomwepo kwa kanthawi.

Lachinayi, 7 Meyi

Ndapereka zolemba zoyamba. Tsamba 11, ndime imodzi yokha, mizere isanu ndi umodzi ya Baba. A Fikri awerenga ali chiimire. Cholembera chofiira chinali kale m'manja, ndiye kuti wina anawatsina khutu.

"Ustaza, kabuku aka n'ka kampani, si ka banja lanu." Ndiponso mlendo wolemekezeka pa 24 ndi a Mamduh omwewo, zaka makumi asanu ndi atatu, abwera kudzadula riboni. Riboni pamaliro! "Muli ndi umboni? Pepala?" Pepala lili ndi amene amaloledwa kusaina mapepala, mafunso enawa bwanji.

Ndinali ndi mayankho atatu, onse okoma. Ndangoti, "Ndamva, Bashmuhandis." Ubwino wa dzina laulemu la mainjiniya lalitali chotere ndi umenewu: ukamalitchula, mkwiyo umapeza nthawi yobwerera m'mimba.

Mutu. Mapilitsi awiri. Fani ya mu ofesi ikungotakasa mpweya wotentha ngati phala.

Lachisanu, 8 Meyi

Kulakwa ndi kwanga. Lachitatu ndinawawerengera Baba ndime ija ndisanaipereke, pofuna kuona nkhope yawo. Ndinaiona. Lero atatuluka mu mzikiti adutsira kumalo a khofi, ndipo msewu wonse wadziwa. "Mwana wanga wandilemba m'buku." Wogulitsa mkate wandipatsa moni wa anthu otchuka. Suti ya Baba, ija ya paukwati wa mlongo wanga, yapita kale kwa wosita.

Maso awo ndi ng'ala zokhazokha, zilembo saziona. Ndaganizapo, ndisaname: kudzatsegula kabuku n'kuwawerengera mawu amene mulibe. Koma anzawo a kukhofi aja magalasi ali nawo, ndipo ntchito alibe.

Sindinawauze. Ndatsuka mbale zotsukatsuka.

Lachiwiri, 12 Meyi

Ndanama kuti ndikupita kwa dokotala wa mano, ndapita ku Karmuz, kumagalaja. Baba ankanena kuti miyezi yoyamba, makina odindira malata asanafike, ankadula zitini zenizeni, aliyense kubwera nazo kuchokera kwawo. Ndiye penapake payenera kukhala Nawara ya 1979 yoyenda ndi chitini cha mayi wina m'mimba mwake.

Magalaja asanu ndi limodzi. Siketi yathera girisi. Aliyense kundiyang'ana ngati ndabwera kudzalemba za msonkho. Pomaliza andilozera kwa Hagi Bayumi, makaniko wokalamba, dzino limodzi, tiyi m'manja. Ndafotokoza mwa sukulu: kachishango koteteza paipi ya petulo ku kutentha kwa injini. Andiyang'ana mondimvera chisoni. "Mwana wanga, mawu onsewo ukunena shehata?"

Ndati chiyani?

"Shehata. Kachishango ka lata kaja. Pita sitolo iliyonse ya zitsulo kuyambira pano mpaka ku Aswan, unene kuti shehata wa Nawara, akupatsa." Afuulira mnzawo wa galaja ya patsidya kuti shehata amagulitsa bwanji masiku ano, uyo ayankha osadzutsa mutu. Ndafunsa ngati akudziwa chifukwa chake amakatchula choncho. Ati kaya, mwina ndi chizungu.

Ndawauza kuti ndi dzina la Baba. Hagi aika tiyi pansi, zimene ndikukhulupirira sachita kawirikawiri. Anditengera kuseri, kuli takisi yakale yopanda matayala, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Boneti kutsegula, chala kupukuta mwaye. Mutu wa ng'ombe, nyanga imodzi, ndi zilembo zitatu za dzina la samna. Ndajambula kasanu, Hagi akulankhula. "Bambo akowo ukawauze kuti ana anga anaphunzira ndi kachishango kameneka. Komanso ukawauze kuti bawuti yam'munsi anaiika pamalo oipa, zala zanga zinathera pomwepo."

Ndalira mu tramu, kasitima ka m'tauni. Mayi wina wandipatsa lalanje, ati amuna onse ndi choncho.

Lachitatu, 13 Meyi

Zithunzi pa tebulo la a Fikri. Ati chitini ndi chitini, aliyense angakhome. Ndawapempha aimbire kunyumba yosungira zitsulo, afunse dzina la chitsulo nambala 79/114. Aimba, mwina kuti andichititse manyazi. Ndamva yankho ndili pampando wanga. Abweza foni pang'onopang'ono.

Ndiye agamula. Dzina lilowe, koma motere: "Injiniya Shehata Abdel-Wanis, motsogozedwa ndi Injiniya Mamduh Serag." Usta ayi. "Pepala lonyezimira ngati limeneli, alendo ochokera ku Cairo, ndiye aziwerenga kuti galimoto yathu inakonzedwa ndi munthu wa sipanala?" Nanga inakonzedwa ndi chiyani, tayi? Iwo akuona ngati atipatsa mphatso. Digiri yaulere, munthu atapuma kale ntchito. Anandikumbutsanso, mosakhudzana ndi nkhaniyi ati, kuti mndandanda wa osamukira kulikulu fakitale ikatsekedwa akulemba ndi iwo.

Ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti ndapambana. Baba anamvetsera mpaka kumapeto. "Injiniya? Ine? Ndinakulakwira chiyani, mwana iwe?" Ati injiniya ndi munthu amene amaima kumbuyo kwako manja ali m'thumba n'kumafunsa kuti umaliza liti. Ati u-usta sanaupeze pakhomo la sukulu, anawapatsa ndi amuna amene ankatha kumva vuto la injini ali kuchimbudzi, ndipo anadikira zaka khumi ndi ziwiri kuti amve dzinalo. "Undilembe Usta, apo ayi undisiye. Ndisakafike kwa amayi ako ndi dzina lobwereka."

Uku nkhalamba youma mutu, uku bwana wouma mutu. Pakati ine, ndi digiri yanga ya mafumu akufa.

Lolemba, 18 Meyi

Sindinalembe masiku anayi. Panalibe cholemba. Ndasankha zithunzi: Nawara paukwati, Nawara itasenza firiji, Nawara ndi banja la anthu asanu ndi awiri ndi mavwende padenga. Chomalizachi a Fikri achikana, ati chikuonetsa umphawi. Chikuonetsa makasitomala athu.

Adinda chidindo pa zolemba zomaliza. Tsamba 11 likuti Injiniya. Mawa kwa wosindikiza.

Suti yabwera, yapachikidwa pachitseko cha kabati m'pulasitiki mwake. Baba safunsa kanthu. Bola akanafunsa.

Lachiwiri, 19 Meyi

Kosindikizira, fungo la inki ndi anyezi. Ndaima pakhomo nthawi yaitali moti mwini wake anatuluka kudzafunsa ngati ndasochera.

Ndamuuza kuti pa tsamba 11 pali chokonza. Liwu limodzi lichoke, lina lilowe, ndipo "motsogozedwa ndi" yense apite. Wayang'ana chidindo, wayang'ana ine. "Madamu, chidindo chili patsamba loyamba. Zam'katizi ndi za inu ndi Mulungu." Makope zikwi ziwiri.

Kulikulu ndiye kwapita. Zaka makumi anayi ndi zitatu, nyumba ya lendi, bambo wodwala shuga. Wanzeru ndithu Tahani. Chodabwitsa, chakudya chamasana ndadya bwino, koyamba sabata ino.

Lamlungu, 24 Meyi

Nawara yomaliza yatuluka nthawi ya 11, yoyera, aikankha ndi manja kuti ati isadetsedwe ndi utsi. Amuna a pamzere anali atapha kale nkhosa kuseri, ndipo riboni isanadulidwe anadinda zikhatho za magazi pa boneti, monga timachitira ndi galimoto yoyamba ulendo. A Fikri anatsala pang'ono kukomoka. Akuluakulu ena a pamzerepo ankalira poyera.

Baba mu suti, mzere wachitatu, khosi lili njo. A Mamduh anabwera ndi ndodo ndi mdzukulu wowagwira mkono. Atadutsa pafupi anaima. "Shehata! Ukadali moyo?" Baba: "Ndikudikira musaine, Bashmuhandis." Nkhalamba ija inaseka mpaka kutsokomola. Ine ndimayembekeza chiyani, kaya. Ndewu? Kupepesa? Anagwirana chanza ngati anthu amene anakwera basi imodzi kalekale.

A Fikri anawerenga kabuku pa maikolofoni, mwachionekere koyamba kuchokera pamene kanasindikizidwa. Tsamba 9, tsamba 10. Pa 11 anatsokomola, anamwa madzi, anandifunafuna m'khamu mpaka kundipeza, kenako analidumpha tsambalo: "Mu 1986, nyali." Sanandilankhule mpaka kumapeto. Mlembi wawo wati ndikaonekere mawa 9 koloko.

Pobwerera tinakwera takisi, Nawara yachikasu ndi yakuda, mpando wake ngati thumba la miyala. Baba anandipatsa kabuku, ati werenga. Ndinawerenga. Usta Shehata Abdel-Wanis, chitini cha samna, 1979. Dalaivala anachepetsa wailesi. Baba ati bwereza. Ndinabwereza, ndikudikira kuti mwina andigwira dzanja.

"Nanga Girgis?"

Girgis uti?

Girgis Fahim, wowotcherera. "Chitini ndinadula ine, inde. Nanga anapinda paipi ija n'kuiwotcherera osadontha ndani? Lata lokha likanachita chiyani? Masiku atatu tili pansi pa galimoto ya kapitawo, iye ndi ine." Anamwalira mu 1996. Mkazi wake alipo, amakhala ku Bakus, ndipo Baba anamutumizira kale uthenga sabata ziwiri zapitazo kuti buku likubwera. Anatenga makope awiri pamwambo. Lachiwirilo n'lake.

Ndinati simunandiuzepo. Ati sunafunse, ndimayesa anthu a ku yunivesite mumafunsa.

Makope zikwi ziwiri, agawidwa kale. Masabata atatu ndikukalipira anthu olemba dzina limodzi pansi pa ntchito ya wina.

Kunyumba Baba avula suti, aipachika okha. Ati ku Bakus tipitabe Lachisanu, ndipo wokawerenga ndine.