Makoma Anu Ayamba Kuseka, Ababa

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, Ababa. Anthu anatiuza kuti chaka choyamba ndicho chowawa, zinazo zimanka zipepuka. Mwina kwawoko. Kwathu kuno chaka chachitatuchi ndicho chatisiya kukamwa kuli yasa, ndipo ine mwana wanu wachisamba ndatumidwa ndi abale anga kuti ndikuuzeni zonse, ngakhale tikukayika ngati simukuzidziwa kale.

Chithunzi chili pamwambachi anasankha ndi Amayi. Akuti ndi chokhacho chimene mukuoneka ngati munthu wamkulu: jekete, tayi, milomo yotseka. Koma ife tinalipo tsiku limenelo. Tikudziwa kuti milomoyo munaitseka chifukwa munali mutabisa suwiti m'tsaya, ndipo wojambula uja atangoti tamaliza, munaphulika kuseka mpaka suwitiyo inagwera m'thumba la jekete. Amene ali ndi maso akuthwa ayang'anenso khutu lanu lakumanzere. Kadontho ako si vuto la makina osindikizira ayi, ndi penti.

Ntchito yanu inali yopenta nyumba, ndipo munkaidziwa. Khoma munkalipala mpaka lisalale, ming'alu n'kumata, fumbi n'kupukuta. Koma zikatha zimenezo, pamene wopenta wina aliyense amayamba kupaka, inu munkatulutsa kaburashi kakang'ono m'thumba la ovolosi n'kuyamba zanu. Pakhoma la eni ake pankatuluka tambala akupalasa njinga, nsomba itafunda ambulera, njovu itavala nsapato za gogoda. Nthawi zina pankatuluka mwini nyumba weniweniyo, makutu ngati zogwirira poto. Kenako munkaitana aliyense amene ali pafupi, mlonda, wochapa zovala, wodutsa pamsewu, kuti adzaone. Mukaseka n'kukhuta, munkakwirira zonse ndi penti, khoma n'kuyera mbee ngati palibe chachitika. Ofunsa munkawayankha kuti, "Khoma lisanavale malaya liziyamba laseka. Losaseka limasuluka msanga."

Kunyumba ndiye osanena. Chitini cha penti chikatha chinkasanduka chipewa, ng'oma, kapena nsapato zoyendera m'mwamba mutazimangirira zingwe. Munkapikisana nafe liwiro kuchokera pageti kufika pakhonde, imvi zili mbuu, ndipo munkabera. Inde Ababa, tinkaona, munkaliyatsa musanamalize kuwerenga. Tsiku limene ndinayamba ntchito ya mu ofesi ndinatuluka m'chipinda nditaumitsa khosi, chikwama m'khwapa, ndipo munandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Munandiuza kuti ukulu uzikhala m'mawondo, ndisaulole kukwera mpaka pamtima, poti ukafika pamenepo munthu amayenda atafa kale. Mlongo wanga amene anatengera ntchito yanu munamutcha Kapitawo chifukwa anabadwa atakwinya nkhope, ndipo dzinalo lamukanirira mpaka lero. Mng'ono wanga, chitsirizira chanu chija, mpaka pano akangomva fungo la penti amatuluka panja kukapukuta m'maso.

Ndiye panali Amayi. Moyo wawo wonse wa m'banja anautha akukudzudzulani. "Kodi inu mudzakula liti?" Tsiku silinkatha osamva funso limeneli, ndipo inu munkayankha kuti mawa. Ife tinkayesa kuti Amayi ndiwo wamkulu yekhayo m'nyumbamo, wopirira chibwana cha mwamuna wake. Tinazindikira mutapita kuti kudzudzula kuja ndiwo anali masewera awo. Mpira unali umodzi, inu kuponya, iwo kubweza. Mutachoka anasowa wowaponyera.

Sanalire mokweza. Ananyamula bulangeti, anakhoma chipinda chanu, n'kusamukira m'kachipinda ka alendo. Wailesi inazima. Chakudya ankangochigwiragwira n'kukankha mbale. Madiresi anayamba kuwakulira. Adokotala anawayeza zonse n'kutiuza kuti m'thupi mulibe nthenda. Adzukulu anu ankaswa makapu, ankalowa ndi matope pabalaza, iwo n'kumangoyang'ana, ndipo nyumba imene Amayi sakalipa si nyumba yathu. Chaka chatha tinayamba kunong'onezana zimene palibe ankafuna kuzitchula, kuti mwina chikumbutso chino tidzalembera anthu awiri.

Kenako inabwera mvula ya chaka chino, yambiri ija, ndipo foni ya Kapitawo inayamba kulira. Woyamba anali mwini golosale ya pakona. Akuti kuseri kwa mashelefu kwatuluka banga lofiira, ndipo bangalo layamba kumera lipombo. Kapitawo atafika anapeza tambala wanu, ali panjinga yake, akutuluka m'khoma pang'onopang'ono ngati munthu wobwera mu nkhungu. Patapita masiku anaimba anamwino a kuchipinda cha ana kuchipatala, akuti kwawo kwatuluka njovu. Kenako ometa tsitsi. Kenako aphunzitsi ena opuma ntchito, amene anadzipeza okha pakhoma la pabalaza pawo, makutu ali chilili, alendo ali pomwepo akumwa tiyi.

Kapitawo anangogwira pakamwa. Akuti zaka zanu zomaliza munasiya kujambulira penti yamadzi, n'kumagwiritsa ntchito yofiira yamafuta ija, yopaka zitsulo kuti zisachite dzimbiri. Yamadzi ya pamwamba imatha ndi chinyezi ndi kupukutapukuta, koma yofiirayo siifa, imangodikira. Wophunzira kupenta aliyense amazidziwa zimenezi asanagwire n'komwe makwerero, ndipo Kapitawo munamuphunzitsa ndinu, khutu mutaligwira. Ndiye tiuzeni, Ababa: munalakwitsa kapena munachitira dala? Funso limeneli latigawa pawiri. Kapitawo akuti unali ukalamba. Ine ndikuti ndimakudziwani.

Mlongo wanga, pokhala Kapitawo, ananyamula ndowa ndi makwerero kuti akakwirire zonsezo, dzina la ntchito lingaipe. Anapeza wagolosale atasuntha kale mashelefu kuti tambala azioneka bwino. Aphunzitsi aja anati makutuwo ndi awo ndithu, anabadwa nawo, asiyeni. Kuchipatala anamwino anaima pakhomo, manja ali m'chiuno. "Mukangoikhudza njovu imeneyi mundidziwa. Ana akumabayidwa jakisoni maso ali pansapato zake, kulira aiwala." Anabwerako ndowa ili yodzaza, nkhope itakwinya kuposa kale.

Ndi pamene mng'ono wanga anakumbukira kuti chipinda chomaliza chimene munapenta chinali chanu chomwe, nthawi ija Amayi anapita kukadwazika achemwali awo, inu mutayamba kale kutsokomola kuja. Tinkakambirana zimenezi kukhitchini, motsitsa mawu, osadziwa kuti Amayi aima pakhomo. Anatunga madzi m'beseni, anatenga sopo ndi chisanza, n'kupita kukatsegula chitseko chija. M'katimo munali fumbi ndi fungo lanu, ovolosi ili chipachikire pamsomali. Makoma anali oyera, chinyezi sichinafikeko. Amayi anasankha khoma loyang'anizana ndi bedi n'kuyamba kulitsuka. Tinafuna kuwalandira, anatikankha ndi chigongono. Manja aja amene ankangokankha mbale anakhula khomalo m'mawa wonse osapuma.

Choyamba kutuluka linali phazi, lili m'malere, losaponda pansi. Kenako siketi ikuuluka, kenako chingwe chitakhota pamwamba pa mutu. Anali mkazi akudumpha chingwe, akuseka kukamwa konse, kampata ka pakati pa mano kali poyera. Tonse tinakadziwa kampatako. Koma ife Amayi sitinawaonepo akudumpha ngakhale ngalande. Mbali imodzi chingwecho chinali chomangirira kumtengo. Mbali inayo anachigwira mwamuna wovala chitini kumutu, ndipo nkhope yake inalibe kanthu, opanda maso, opanda pakamwa. Inu amene simunkasiya chojambula chosatha, ngakhale mwini nyumba akukuyang'anirani wotchi, nkhope yanu yokha munaisiya.

Amayi anaima nthawi yaitali, madzi akudontha m'zigongono. Ife tinagwirana kumbuyo kwawo, tikuopa kuti agwa. Kenako tinamva mawu amene tinali titayamba kuwaiwala. "Taonani miyendo andipatsayi, ngati ya udzudzu! Bambo inu, kodi mudzakula liti?" Ndipo anaseka, Ababa. Anaseka mpaka anakhala pansi m'madzi a sopo, misozi ili chuchuchu, dzanja likuloza khoma. Ine ndi mng'ono wanga tinalira osabisa. Kapitawo anayang'ana kudenga ngati akufufuza podontha.

Tsiku lomwelo anatiuza zimene anali asanatiuzepo. Akuti munawaona koyamba akudumpha chingwe kuseri kwa nyumba ya makolo awo, ali mtsikana wamkulu kale, akuyesa kuti palibe akuwaona. Inu munali pamakwerero, mukupenta mawindo a nyumba yoyandikana nayo, ndipo munawaombera m'manja mpaka burashi inagwa. Anathawa ndi manyazi, chingwe sanachigwirenso. Tsiku la ukwati munawanong'oneza kuti mwakwatira wodumpha uja, ndipo mudzamudikira mpaka adzatulukenso. Iwo anakuuzani kuti musiye zachibwana. Ndiye zipewa za zitini zija, mipikisano ya pageti ija, zaka zonse zija, kani munali mukumuitana? Ndipo mutaona kuti nthawi ikukutherani, munamubisa kuseri kwa penti kuti Amayi adzamufukule ndi manja awo.

Atapuma, anaitanitsa kaburashi kanu ndi penti yofiira. Kapitawo anawagwirira chitini. Amayi anakujambulani maso, mphuno yokhota, chiseko chofika m'masaya, ndipo makutu anawakuza kuposa a aphunzitsi aja. Akuti akubwezera za miyendo.

Tsopano Amayi anabwerera m'chipinda chanu. Akudya, ndipo akumadandaula kuti mchere wachepa. M'mawa uliwonse timawamva akukalipira khoma. Adzukulu akalipidwa kale kambirimbiri, ndipo akukondwa nazo. Sabata yatha tinawapezerera kuseri kwa nyumba atamasula chingwe choyanikira zovala. Mawondo sanawalole kudumpha, koma anachimangirira kumtengo n'kumapukusira adzukulu, akuwakalipira kuti akudumpha ngati ng'ombe. Za Kapitawo tamva kwa mlonda wina kuti anamuona pa nyumba yatsopano, atatseka chitseko, akujambula mbuzi yovala magalasi. Iye akukana kwa mtu wagalu. Koma khutu lake lakumanzere tinaliona, Ababa.

Sitikudziwa kuti ndi makoma angati akudikirabe. Tikamayenda mumsewu timayang'ana nyumba zoyera ndi maso ena, tikudzifunsa kuti m'katimo mukubisala chiyani, ndipo chidzatulukira ndani, tsiku liti, ali pachisoni chotani. Zimatigwiritsa nthumanzi yokoma. Anthu amasiyira ana awo nyumba ndi mayina. Inu munasiya chiseko chokwiriridwa, ndipo chinadikira zaka zitatu kuti chitibwezere mayi wathu.

Tikukusowani, Ababa, ndipo tikukunyadirani: Amayi, ine wachisamba, Kapitawo, chitsirizira chanu, apongozi anu ndi adzukulu onse, ngakhalenso wamng'ono uja amene simunamuone koma amalonjera chithunzi cha pakhoma m'mawa uliwonse.

Sitidzakuiwalani. Ngakhale titafuna, makoma sangatilole.