Adiresi Inadzilemba Yokha

Lolemba, 3 Malichi
Diso lakumanzere layamba kutseguka. Kachipinda ndikang'ono, bedi limodzi ine ndi mwana, koma palibe wotikalipira. Akudziwa kuti tathawira kuno ndi mkulu wanga yekha.

Lachiwiri, 4 Malichi
Mankhwala a mphumu a mwana atsala pang'ono. Ndaitanitsa pa foni, pa webusaiti ya famase ija. Ndasintha adiresi mu akaunti kuti azibweretsa kuno.

Lachinayi, 6 Malichi
Ndikulemba ndili kuchipatala.

Bambo ake a mwana anatipeza masana. Sanagogode, chitseko anachithyola ndi phazi. Anandikoka tsitsi mpaka pa sinki n'kundimenyetsa nkhope pa mpope. Dzino linagwera pansi, magazi thoo. Mwana analowa kunsi kwa bedi, ndinkamumva akubanika.

Akundiponda m'nthiti ankaseka. Akuti, "Umati wabisala? Ndangodina pogulira mankhwala pa laputopu, zonse mbee! Dzina, msewu, nambala ya chitseko."

Laputopu yakunyumba ija. Sindinatulukemo mu akaunti. Webusaitiyo ikaona kuti walowa kale, imadzaza yokha timabokosi tonse, kuti usavutike kulemba. Sinafunse kuti wakhala pampandoyo ndani.

Anatilanditsa ndi aneba athu owotcherera zitsulo. Analowa ndi chitsulo m'manja, n'kumumenya kamodzi kokha pamkono, ndinamva kuti thyo! Munthu uja anakuwa ngati si yemwe amandimenya. Anamukhalira pamsana mpaka apolisi kufika.

Lachisanu, 7 Malichi
Nthiti ziwiri zathyoka. Mwana ali pa okosijeni, wadi yoyandikana. Mkulu wanga wasintha pasiwedi, watulutsa akaunti paliponse. Ndikakhosomola ndimaona nyenyezi.

Loweruka, 8 Malichi
Tulo sitikubwera. Chitseko chikangolira ndikudzidzimuka.

Lamulungu, 9 Malichi
Kwabwera apongozi, ndi botolo la juwisi. Akhala m'mphepete mwa bedi, sanafunse n'komwe za mdzukulu wawo. Akuti, "Mwananga, banja ndi kupirira. Mnzako akugona pasimenti, mkono uli mu pulasitala. Kathetse mlanduwu, tikambirane kunyumba."

Kale ndikanagwada n'kuti chabwino amayi.

Ndapisa m'thumba la diresi langa lamagazi lija, momwe aneba anandiikira dzino atalikulunga m'kapepala. Ndawatambasula dzanja, ndaliika pachikhatho, ndawapinda zala.

"Mukawapatse. Tikaonana kukhoti."

Ndaitana anesi kuti awaperekeze.