Mapulagi Anapsera m'Malasha

Lwendulu, Hwange
19 Okutobala 2008

Okondedwa achimwene a Fideli,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu ndi ana onse ku Lirangwe kumeneko. Kodi mwendo wa amayi aang'ono uja unaphwa? Ife kuno tilipo, kungoti ndife anthu otopa. Dzuwa la mwezi uno likuotcha ngati tinalilakwira, madzi pampopi akubwera tsiku limene afuna, ndipo m'masitolo mwangotsala mashelefu ndi ogulitsa.

Alamu anu, bambo a Kingston, chifuwa chija chakula. Fumbi lonse limene anameza pansi pa mgodi likuwabwerera tsopano. Kuchoka pakhonde kukafika pampanda amaima panjira kuti apume. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ngati tili ndi kwathu, ndiwatengere akadali ndi mphamvu yokhala tsonga. Alamu anuwo nawonso akufuna kubwera, koma basi akuikana. Akuti anachoka kumudzi ali mnyamata pa lole ya eni ake, ndiye sangabwerere ali nkhalamba atapanikizika pampando wa eni akenso, galimoto yawo ya Pijo ili pakhomo. Mukuwadziwa alamu anu, akanena anena.

Pijoyo yakhala miyezi osayenda chifukwa chosowa petulo. Mwana wathu Kingston, yemwe adzatiyendetse, wapeza wokwanira ku Bulawayo ndipo wabweretsa m'zigubu. Koma Loweruka lapitali titati tiilize, inangokhosomola ngati mwini wake. Bambo anatsegula boneti n'kumasula mapulagi onse anayi, ali bii ndi mwaye. Atsopano kulibe, ndazungulira tauni yonse mpaka mapazi kutupa.

Ndiye anachita zimene akhala akuchita kuyambira kale, kuwaotcha pamoto kuti mwaye upse. Nzeruyi anaiphunzira kumudzi pa makala. Koma kuno timaphikira malasha a mumgodi, ndipo moto wake si wamasewera, umadya ndi mbaula yomwe. Pulagi umangoionetsa pang'ono n'kuichotsa, ndipo iwo amadziwa zimenezi kuposa aliyense. Atangowaika pamoto chifuwa chinawagwira, chija chowagwetsa pansi. Ine ndinathamangira madzi, kuwasisita pamsana, kuwakokera pamthunzi. Za mapulagi akanakumbuka ndani? Pamene ankapezako mpweya n'kuloza kumbaula, atatu anali atang'aluka kale choyera chija chonga kapu ya tiyi. Sanakalipe. Anangokhala panjerwa n'kumawayang'ana, ine ndinalowa m'nyumba kukalira kuti asandione.

A Osmani, anzawo aja ogulitsa zitsulo zakale kumsika, anafukula awiri otha m'bokosi lawo n'kutipatsa ulele, Mulungu awadalitse. Tsopano injini ikulira ndi atatu, ikunjenjemera galimoto yonse. Bambo akuti mmene ililimu sitingafike ndi ku Gwayi komwe.

Chanditopetsa kwambiri ndi sukulu imene andiyambitsa. M'mawa uliwonse kusanatenthe amandiimika pa boneti, ine mayi wa zidzukulu. Akuti ndisamazule mawaya onse nthawi imodzi, ndingasokoneze malo ake. Akuti pulagi ndiyambe kuilowetsa ndi zala mpaka itakhala, sipanala ibwere pomaliza, apo ayi ilowa mopendekeka n'kuononga dzenje. Ndikalakwitsa amandibwezera poyamba, akundilamula m'Chilapalapa ngati ali ndi anyamata awo a kumgodi. Mafuta akuda sakuchoka m'zikhadabo, kutchalitchi ndikumabisa manja m'chitenje.

Dzulo zinandikwana. Ndinawafunsa kuti akundizunziranji, poti paulendopo iwo adzakhala ali pompo, galimoto ikavuta adzakonza okha. Anayamba apukuta sipanala kanthawi ndithu. Kenako anati Kingston amangodziwa chiwongolero, ukamuuza za injini amakuyankha m'Chindebele n'kuseka. Anati kutentha kwa ku Tete ndikukudziwa, ndipo galimoto yonyamula maliro siyenera kuima nthawi yaitali pamsewu. Achimwene, ndinangotenga pulagi ija n'kuilowetsa ndi zala monga anandiuzira, osaona n'komwe chimene ndikuchita.

Pempho langa ndi limodzi. Wanyamula kalatayi ndi Letty, mtsikana wa ku Ingagula amene amakaoda sopo ndi mafuta ophikira ku Blantyre. Ndamupatsa pulagi imodzi yong'aluka. Chonde mupite nayo ku Limbe, mukawaonetse ogulitsa, mugule anayi ofanana nayo ndendende. Asakunamizeni kuti iliyonse imalowa. Letty sakhalitsa, abwerera sabata yomweyo, ndiye ngati ndalama zake n'zogulitsa mbuzi, musadikire kuti ipeze mtengo wabwino. Ndikufuna alamu anu adzatsike okha m'galimotomo, adzakupatseni moni ndi dzanja lawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amayi aang'ono, kwa amalume ndi adzukulu onse. Abale a bambo a Kingston muwauze kuti asese m'nyumba muja. Zinazi musawauze kaye.

Ndine mlongo wanu,
Elinah, mayi a Kingston