Mimba ya Mwana Wanga Yaphwa

Lolemba, 3 Malichi

Wonena ndine, wolemba ndi mng'ono wanga, amene sukulu anapita nayo patali. Walumbira kuti sauza munthu. Lemba monga ndanenera, usakometse.

Lero mwana wanga woyamba, bwana wa ku ofesi uja, wabwera ndi mathalauza anayi. Ati ndiwachepetse m'chiuno. Ine! Zaka zonsezi pa makina osokera, ntchito yanga kwa iyeyu inali kukulitsa basi. Akuti adokotala amuuza kuti shuga ali pakhomo, sanalowe koma akugogoda. Shuga waulemu, wodziwa kunena odi.

Wandifunsa ngati kumtundu kwathu alipo anadwalapo matendawa. Ndati kwathu kulibe, akafunse kwa apongozi ake.

Lachinayi, 6 Malichi

Galimoto yangokhala mumpanda, mwini wake akuyenda wapansi ngati wofuna ganyu. Mphindi makumi anayi kupita, makumi anayi kubwera. Kunyumba mkazi wake akumudyetsa masamba. Ndinabereka munthu, andisandutsira mbuzi.

Mayi wa pa golosale: "Mwana wanu uja watha bwanji? Ntchito ikadalipo koma?" Nkhope yachisoni, mano ali panja.

Mimba ija inali ulemu wanga. Akamalowa nayo m'tchalitchi, batani la jekete likulira, aliyense ankadziwa kuti mayi wosoka uja sanavutike pachabe.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndamuphikira tiyi weniweni. Mkaka, masupuni anayi a shuga, buledi wopaka majarini mpaka m'mbali. Iye wamwa madzi. "Amayi, mukufuna bokosi langa lidzalemere?" Mawu ouza mayi ake amenewo. Sukulu ndi yabwino ndithu.

Mathalauza ndasoka, koma nsalu sindinadule. Ndaipindira m'kati. Misala imatha, adzabwera yekha kuti ndikulitse.

Tiyi ndamwa ndekha, makapu onse awiri. Sitingataye.

Lachitatu, 19 Malichi

Kuchipatala, kukatenga mankhwala a mawondo. Tili pa benchi, namwino, kamtsikana ka dzulodzuloli, kayamba kutilalikira za shuga. Zotsekemera zoipa, kukhala pansi tsiku lonse koipa, mafuta a pamimba oipa. Zonse zokoma ndi mlandu. Ine maso anali pa yunifolomu yake. Mpendero wokhota, amene anasoka ameneyo Mulungu amukhululukire.

Kenako kanayamba kuwerenga zizindikiro pa zala. Ludzu losatha. Kukodza pafupipafupi. Kuwonda munthu akudya. Chilonda chosapola. Maso kuchita chifunga. Kanatinso ngati kholo linadwala, mwana achenjere kawiri.

Ndatuluka osatenga mankhwala aja.

Loweruka, 22 Malichi

Masiku atatu makina ali chete.

Apa lemba pang'onopang'ono. Malemu bambo ake a mwanayu. Dalaivala, tsiku lonse pampando, mimba kugunda chiwongolero. Chaka chomaliza chija: jagi ya madzi pambali pa bedi, malaya onse kukhwepa, chilonda cha pa chala chakuphazi chimene chinayamba ndi nsapato yothina. Kupita kuchipatala anakana. Ife tinati awalodza mnzawo amene ankalimbirana naye galimoto yatsopano. Zaka khumi ndi ziwiri mkazi wa munthu ameneyo sindimupatsa moni. Nzeru zanga zimenezo.

Malemuwo akangoti ludzu, ine ulendo wa ku golosale, kukagula zozizira zotsekemera. Mabotolo awiri, atatu pa tsiku. Anthu ankati, mkazi wosamala mwamuna ndi uyu.

Usandiyang'ane choncho, iwe.

Mwana anandifunsa funso limodzi lokha, ine ndinamuyankha ndi matama. Adokotala ake alemba m'buku kuti kwathu kulibe.

Siya cholemberacho. Tenga foni umuimbire, ndimuuze za bambo ake. Dzina lake upeze ndiwe, timalembati masiku ano sindikutiona bwino. Koma yamba wanditungira madzi, kukhosi kwaumanso